Dzanja Lamanzere la Azakhali

Benchi yanga ya machaja ndi makava a foni ili moyang'anizana ndi geti la sukulu, choncho azakhali anga ndimawaona m'mawa uliwonse akulowa, chikwama kukhwapa. Ndi mlongo wa bambo anga, ndipo anayamba kuphunzitsa Chingerezi pasukulupo ine ndisanamere mano. Ana amawatcha a Bwerezanso, chifukwa yankho lonong'ona iwo salandira. Amati Chingerezi n'chapakamwa, cham'kope n'chithunzi chabe.

Azakhali ali ndi kalembedwe kawo. Choko chikakhala kumanja, dzanja lamanzere limatsamira pabolodi, chikhatho chonse, ngati akuligwira kuti lisagwe. Akalakwitsa amafufuta ndi dzanja lomwelo. Poweruka mkono wa bulauzi umakhala uli mbuu, ndipo kwathu timati azakhali amaphunzitsa kuchigayo.

Teremu yatha sukulu inalandira bolodi latsopano lagalasi, lokhala ngati foni yaikulu yopachika pakhoma. Ukalikhudza limamva: mawu umawakoka ndi chala, chithunzi umachikuza, lokha limayankhula. Analiika m'chipinda cha azakhali. Ahedi ananena poyera kuti adzabwera kudzaonerera phunziro limodzi. Bolodi likawakanika azakhali, kalasi ya Chingerezi ipita kwa mphunzitsi wachinyamata amene wangochoka kukoleji, iwo akasunge mabuku kulaibulale.

Loweruka masana azakhali anaima pabenchi panga.

"Iwe Chaja, tseka kaye bizinesiyi. Ukandifunsire kwa mnzako wagalasi uja chimene ndinamulakwira."

Tinapita. M'chipindamo munali fungo la pulasitiki watsopano, madesiki atakankhidwira kumbuyo. Azakhali anatenga cholembera cha bolodilo n'kuyamba kulemba bwinobwino. Asanamalize mawu achiwiri, tsamba lonse linalumpha, zilembo zinakula ngati zapachikwangwani, kenaka zonse zinasowa.

"Waona? Limandida."

"Azakhali, chotsani dzanjalo."

"Liti?"

"Lamanzerelo. Mukatsamira, bolodi likuyesa kuti mukulituma."

Analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. "Ndiye ndikalisiye kunyumba?"

Tinayesa zonse. Analigwiritsa mpango, linauponya pansi. Analibisa kumbuyo, koma akangoika mtima pa chiganizo, dzanja linkabwerera lokha pagalasi, phaa! Pomaliza anakhala padesiki n'kupuma.

"Dzanja ili lakalambira pabolodi, mwana wa achimwene. Mwambo watsopano silingaumve lero."

Sanaseke. Kulaibulale anthu amalowako kuti akakhale chete, ndipo azakhali moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi ana okhala chete.

Tsiku loonerera ndinalipo, chifukwa chingwe cha magetsi chinali chachifupi, ahedi anaitanitsa china kwa ine n'kundiuza kuti ndidikire pakhomo mwina chivuta. Iwo ndi mphunzitsi wachinyamata uja anakhala pambali pa zenera. Pabolodi panali mawu a Chingerezi osakanizika, ofunika kuwakoka kuti apange chiganizo.

Poyamba zinayenda. Azakhali anakoka mawu awiri, dzanja lamanzere lili kumbuyo ngati msilikali. Atatembenuka kuti afunse funso, kalasi inangoti zii monga mwa masiku onse, maso pansi. Anafunsanso. Podikira yankho anatsamira.

Mawu onse anabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Kalasi inaphulika ndi kuseka. Koma m'kati mwa phwetelo manja anayamba kukwera.

"Ine, madamu! Ndikonze ine!"

"Iwe sudziwa, foni yakwanu ndi yamabatani!"

Manja anali paliponse, mpaka mzere wakumbuyo, kumene kumakhala anyamata ataliatali amene dzanja amakweza popempha kupita panja basi. Azakhali anawayang'ana manjawo osathamanga. Ine ndinauzindikira mkhalidwewo, chifukwa pabenchi umachitika: katundu mmodzi, ogula khumi. Zikatero wogulitsa wanzeru satsitsa.

Anaika cholembera patebulo, nayenda mpaka kumbuyo kwa kalasi, nakhala pakona pa desiki.

"Chabwino. Ine bolodili sindiligwiranso. Koma silikhudzidwa ulere. Wofuna kuligwira ayambe wanena chiganizo chonse m'Chingerezi, ndichimve ndili kuno."

Manja ena anatsika. La mnyamata wina wamtali, amene anzake amamutcha Goloyi chifukwa amagwira pagolo pa mpira, linachedwa kutsika.

"Goloyi, imirira."

Anaimirira akukanda khosi. Anang'ung'udza kenakake.

"Bwerezanso."

"Madamu, andiseka awa."

"Andiseka ine posachedwapa, ndafa? Bwerezanso."

Ananena. Chinali chokhota, mawu amodzi atatsalira m'njira, koma chinamveka mpaka pakhomo pamene ndinaima. Mtsikana wa kutsogolo anamukonza, iye anabwereza, azakhali n'kumulozera bolodi ndi chibwano. Anapita akudzikoka ngati wagwira penate, nakoka mawu aja ndi chala chimodzi mosamala. Bolodi linalira kabelu kovomera. Manja anakweranso, tsopano milomo ikuyeserera chamumtima chiganizo chotsatira.

Belu litalira ahedi anawayandikira.

"Mayi, komatu inuyo bolodi mwangoligwira pang'ono."

"Zoona, ahedi. Likandiona limanjenjemera. Koma Goloyi mwamumva?"

Ahedi anaseka, natembenukira kwa mphunzitsi wachinyamata uja. Iye anati Goloyi amamuphunzitsa phunziro lina ndipo mawu ake anali asanawamvepo. Anapempha kuti azibwera kudzawakonzera azakhali masamba a pabolodi, iwo azimuonetsa mmene amatsegulira ana pakamwa. Kalasi inakhalabe ya azakhali.

Masiku ano amaweruka bulauzi ili yoyera bwino, ndipo amadandaula kuti anthu aziyesa sanagwire ntchito. Malo awo ndi kumbuyo kwa kalasi, dzanja lamanzere litatsamira pakhoma, limene silidandaula. Vuto latsala n'lakuti galasi limadzaza zidindo za zala. Dzulo anabwera pabenchi n'kutola kansalu kopukutira magalasi a foni.

Ndinakagwira mbali ina. "Azakhali, apa sipakhudzidwa ulere. Yambani mwanena m'Chingerezi."

"Iwe, matewera ako ndachapa ine," anatero, nakaponya m'chikwama.