Sokosi pa kamera ya pikapu

Bambo a nyumba yapakona ndi munthu wosamala zinthu. Rimoti yawo imakhala m'pulasitiki, ndipo mipando ya pikapu yawo sinavulidwebe mapepala a kusitolo. Pikapuyo ili ndi kamera kumbuyo, komanso timasensa timene timalira galimoto ikayandikira chinthu. Atangoigula, anachotsa akazi awo ntchito yoima kumbuyo n'kumakuwa kuti, "Bwerani, bwerani, basi!"

"Pumani, mayi," anatero. "Galimotoyi ili ndi diso lake."

Koma diso lodula chonchi silingamadye fumbi, choncho analiveka sokosi. Timasensa nato anatizimitsa, ati timatha batire.

M'mawa wina bambowo akubwerera m'mbuyo, sikirini ya kamera ili bii, mayiwo anaona pikapu ikulunjika geti lotseka. Anatsegula pakamwa, kenako anakumbukira kuti anapumitsidwa ntchito. Anapinda manja.

Khuu! Geti linagwa.

Bambowo anatsika akuthamanga, n'kuvula sokosi ija mosamala.

"Mwaona ubwino wa sokosi, mayi? Kamera sinakalike ngakhale pang'ono!"

"Zoonadi, bambo," anayankha mayiwo. "Ivekeni msanga, ingaone geti."