Nkhuni munawaza zija zikadalipo

Bambo a Sauda, lero kudamu la papurazi, pafamu pathu pano, kwafika alendo a makalavani, aja amagona m'galimoto zawo. Ndawatengera nkhuni monga munkachitira inu, koma akana. Akuti utsi umanunkhitsa makatani, ali ndi gasi. Ndabwerera nazo pamutu ngati chitsiru.

Ndakumbuka tsiku lija tikuchokera ku tawuni ya Karoi, mlendo wina atakuitanani kuti mumukolezere moto masanasana. Munandinong'oneza kuti, "Mayi a Sauda, moto wongoyang'ana, wopanda n'ketulo yomwe?" Tinaseka mpaka kukomboni. Patha chaka chimwalirireni inu, mwamuna wanga. Mulu munawaza uja palibenso akuufuna, chiswe chalowamo. Kusonkhera ndikulephera. Ukatha umenewu, nditsala ndi chiyani cha m'manja mwanu?