Dzinja Limene Malume Anandikhazika Pansi

Malume anali ndi kabelu ka njinga, koma njinga analibe. Anabwera nako kuchokera ku Blantyre, kumene ankaphikira amonke achibuda, anthu ometa mpala amene ankayamba tsiku ndi kukhala chete. Anafika kwathu, m'munsi mwa phiri la Mulanje, patatha chaka napolo atakokolola nyumba yathu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo sindinkakhazikika. Mtambo ukangoda pamwamba pa phiri, miyendo inkanyamuka yokha. Ndinkatuluka m'kalasi aphunzitsi akulemba pa bolodi. Ndinkazungulira nyumba yatsopano ndikukhudza zipupa kuti ndione ngati zanyowa. Kolala wa yunifolomu ndinamutafuna mpaka kubooka. Mayi anapemphera, anakalipa, kenaka anangotopa nane.

Masana ena mabingu akugunda, malume anandigwira dzanja pakhonde.

"Khala pansi, mphwanga. Maso usatseke ngati sukufuna." Analiza kabelu kamodzi. "Kamvere mpaka kulira kwake kuthe. Tsopano mpweya wako. Ukulowa, ukutuluka, usaukakamize. Ukumva chiyani?"

"Napolo akubwera."

"Zimenezo waganiza. Ndafunsa zimene makutu akumva."

Ndinakwiya, komabe ndinatchera khutu. Madontho pa malata. Mbuzi ikulira kuseri kwa khola. Madzi akugwera mu ndowa, kuyamba ndi phokoso lachitsulo, kenaka lofewa.

"Nanga m'thupi?"

"Mapazi akuzizira. M'mimba mukutentha."

"Ingozitchula, uzisiye zikhale."

Ndikanati ndinachira ndikananama. Ndinkapirira kupuma kasanu, n'kudzambatuka kukasuzumira phiri, iwo osandithamangira. Ndikabwerera ankangoti, "Wabwera? Tiyambirenso." Mayi sizinkawasangalatsa. "Achimwene, mwanayu ndi wa tchalitchi, musamulowetse zachilendo." Malume ankayankha kuti sakundipempheretsa ayi, akungofuna ndimve mapazi anga.

Chakumapeto kwa dzinjalo mvula inagwa masiku atatu osakata. Tinakhala pakhonde monga mwa nthawi zonse, ine ndikutchula malata, ndowa, achule. Kenaka ndinamva china chochokera kumtsinje, chakuya, ngati lole yodzaza miyala imene sikufika. Ndinachitchula monga anandiphunzitsira. Malume anapendeketsa mutu pang'ono, n'kuimirira.

"Izi sunaganize. Itana mayi ako, tikwere ku chulu."

Tinathamanga m'matope ofika m'mawondo. Madzi ofiira anadutsa m'munda, anagonetsa chimanga chonse, koma nyumba anaisiya. Pa chulupo ndinakuwa kuti, "Ndinkakuuzani ine!" Malume anandikumbatira, ndipo ndinamva manja awo akunjenjemera pamsana panga.

Kunjenjemerako kunandikhumudwitsa kuposa chimanga, moti ndinatha sabata ndikukana kukhala nawo pakhonde. Lero ndimachita nazo manyazi. Pa msinkhu umenewo ndinkakhulupirira kuti munthu wodziwa kukhala chete saopa kanthu. Sindikanamvetsa kuti malume ankaopa madziwo ngati ine ndemwe, dzinja lonse, ali chikhalire pambali panga.