Mwaye wa mu Valuvu

Amuna anga anali makaniko wa injini za dizilo. Galaja yawo inali pansi pa msawu kuseri kwa nyumba yathu ku Maseya, ndipo ine ndinkangoidziwira pa zovala zakuda zimene zinkandithera sopo.

Chaka chawo chomaliza, matenda a shuga atawafoola, manja awo anayamba kunjenjemera. Sankafuna kuti anthu adziwe. Ankati makaniko akangomveka kuti dzanja lafooka, magalimoto amadutsa pakhomo pake osaima.

Tsiku lina m'nyengo yotentha alamu awo anabwera ndi galimoto yonyamulira milamba yowamba kuchokera kudambo. Galimotoyo inkatulutsa utsi wakuda bii, ndipo dzulo lake inali itakanika kukwera chitunda cha ku Thabwa.

"Alamu, nkhalamba yanuyi yayambanso kusuta fodya," amuna anga anatero akuseka. "Isiyeni, kazungulireni kumsika."

Alamuwo atachoka, amuna anga anamasula kachitsulo kakakulu ngati chibakera, ngakhale sipanala inawapulumuka kangapo. Kachitsuloko ndi valuvu imene imabweza utsi wina mu injini kuti ukapserenso. M'kati mwake munali mwaye wouma gwaa, wokakamira ngati phula. Atati apale, dzanja linakana. Anazyolika, ine ndikuwaonera pakhonde.

"Amayi," anandiitana motsitsa mawu, "tabwerani ndi beseni lakale lija."

Ndinatenganso mpeni wa kukhitchini.

"Mpeni ayi! Mukuyesa ndi mamba a nsomba? Chitsulo chikakanda chitsulo chinzake, valuvu sitsekanso bwino."

Iwo ankapala ndi bango. Ndinasolola limodzi kumpanda n'kulisongola. Tinaviika mbali ya mwayeyo m'palafini, mbali ya mawaya ili m'mwamba kuti isanyowe, kenaka ndinayamba kupala pang'onopang'ono. Bango likabuntha ndinkasongolanso. M'makona ndinkapitamo ndi mswachi wakutha. Iwo anakhala pafupi nane pamphasa, phewa lawo litagunda langa, akuloza ndi chibwano.

"Apo, apo. Osathamanga, simukupala moto. Zaka zonsezi mumandinena za malaya anga, lero tione amene achape anuwo."

"Muchapa inu," ndinawayankha. "Ine ndakwezedwa pantchito."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mphepo yotentha inkagwetsera masamba a msawu m'beseni, ine n'kumawavuula ndi chala. Sindikumbuka tsiku lina limene tinakhala moyandikana chotero masana, anthu akudutsa mumsewu.

Chitsulo chitayera anandiuza kuti ndikankhe kamtima kake ndi chala. Kanalowa n'kubwerera kokha. Anagwedeza mutu. Mabawuti ndinamanga ine, iwo n'kumangomalizitsa.

Alamu atabwerako analiza injini, ndipo inalira mosalala, utsi uja utachepa. Ndinali nditasamba m'manja ndi sopo ndi mchenga, koma m'zikhadabo mwaye sutuluka tsiku limodzi. Ndikuwapatsira madzi akumwa, anayang'ana zala zanga, kenaka anayang'ana amuna anga amene anali atabisa manja m'khwapa.

"Alamu," anatero atamwa madziwo, "kuno kuchigwa kulibe wina wodziwa dizilo ngati inu."

Sabata yotsatira anabweretsa galimoto ya mnzawo wogula thonje. Anauza mwini wakeyo kuti makaniko ameneyu safuna womuyang'anira pogwira ntchito, ndipo anamukoka kupita naye kumsika. Aliyense amene alamu ankabwera naye ankamuchotsa chimodzimodzi. Magalimoto sanaleke kubwera mpaka mvula itayamba, mwezi umene tinawaika amuna anga.