Dzira Losukusa

Achimwene anga akalamba akuunika mazira pa kampani yoswetsa anapiye. Amakhala m'kachipinda kopanda zenera, nyali patebulo, n'kumaika dzira lililonse pa kuwalako. Likaoneka timitsempha tofiira, limabwerera m'makina. Likaoneka mbee, limapita m'ndowa. Dzanja lawo silizengereza.

Vuto ndi lakuti Mulungu wawonso amagwira ntchito choncho. Ku tchalitchi, kumene ndi mkulu wa mpingo, amaphunzitsa kuti dziko lisanalengedwe Mulungu anasankhiratu ake, ndipo munthu sangalape pokhapokha Mulunguyo atamukoka. Chisomo sichipemphedwa, amatero, chimangokugwera. Ine mlongo wawo wapakamwa ndakangana nawo mpaka malovu kuuma. Ndimawafunsa kuti nanga chifuniro anatipatsiranji, chokongoletsera? Amangopukuta magalasi awo.

Ali ndi mwana mmodzi, amene tinkamutcha Kamwendo chifukwa anachedwa kuyenda. Anakula ndi mowa ndi dzanja lalitali, anagulitsa ngakhale makina osokera a malemu mayi ake, kenako anakalowa kundende. Tsiku la chigamulo achimwene sanalire. Anandiuza kuti nyali sinama, mwanayo ndi dzira losukusa chibadwire, ndipo kumupempherera n'kulimbana ndi Mulungu. Chithunzi chake anachichotsa pakhoma, msomali n'kuusiya.

Lamlungu lina masana ndili kwawo, kukugwa mvula, tinamva kugogoda. Ndinasuzumira pazenera. Anali Kamwendo, ataonda ngati ndodo, kajumbo m'manja. Anandiona n'kunena kuti azakhali, sakufuna kanthu, akungofuna kupepesa bambo ake. Bambowo akakana, iye akwera basi yamadzulo ndipo sitidzamuonanso.

Achimwene anakhoma chitseko, kiyi n'kumuika m'thumba. Anakhala pampando, manja pamawondo, ngati akudikira dzira lotsatira. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinawatchulira mkazi wawo ali m'manda. Panja kugogoda kunkacheperachepera.

"Akanakhala wosankhidwa akanabwera yekha kudzalapa," anatero, osandiyang'ana.

"Wabwera yekhatu, achimwene. Si inu mumati munthu sabwera popanda kukokedwa? Ndiye uyu wamukoka ndani mumvula muno?"

Ndinaona dzanja lija, losazengereza lija, likupita kuthumba n'kubwereranso pabondo. Ndinakwiya nawo, komanso ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinazindikira kuti zaka zonsezi ankaopa kuyembekezera. Kunali kosavuta kunena kuti Mulungu anamutaya mwanayo kusiyana n'kumudikira tsiku ndi tsiku.

Kugogoda kunasiya.

Achimwene anafwanthula m'thumba, kiyi n'kugwa pansi pa tebulo. Tinamufunafuna tonse awiri chokwawa, nkhalamba ziwiri kugundana mitu. Potsegula, pakhomo panali mapazi onyowa okha.

Mkulu wa mpingo uja, amene sindinamuonepo akuthamanga ngakhale tili ana, anatuluka wopanda nsapato, magalasi atasiya pansi. Sankaona bwino, ankangothamangira kumene kumaima basi, akuitana dzina limene anali ataliletsa m'nyumba mwake.

"Kamwendo! Kamwendo, mwana wanga!"

Kutsogoloko, pafupi ndi basi, munthu wa kajumbo anaima. Sanatembenuke msanga, ndipo achimwene sanasiye kuthamanga.