Dzino la atate ndi machimo awiri

Atate atamaliza kuwotchedwa khansa ya pakhosi ndi makina kuchipatala ku Lusaka, dokotala anatikhazika pansi, ine ndi iwo, natichenjeza. Anati makina aja apha khansa, koma afooketsanso fupa la nsagwada, magazi sakuyendamo ngati kale, ndipo bala likalowamo silipola. Choncho fodya ayi, mowa ayi, ndipo dzino lililonse likawawa asalizule kwina kulikonse, abwerere komweko.

Ndinakafotokoza zonsezi kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda, abale atadzaza pakhonde. Anamva bwino kwambiri, makamaka azakhali anga, mlongo wa atate, amene amatsogolera azimayi kutchalitchi. Za fodya ndi kachasu anazigwira ndi manja awiri, pakuti awa ndi machimo, ndipo kwathu machimo a mnzako timawadziwa kuwasamalira. Za dzino zinangowadutsa. Kuzula dzino si tchimo, nanga munthu wopemphera angatayirepo nthawi bwanji?

Azakhali anasamukira kwathu kudzakhala mlonda. Ankapisa m'matumba a jekete la atate, ankawanunkhiza m'kamwa akachokera kudimba, ndipo anzawo akale a atate akabwera kudzawazonda ankawayang'ana ngati nkhuku zalowa pankhokwe. Kunena zoona, ntchitoyi anaigwira. Atate, amene anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, anasiyiratu. Kutchalitchi anawaimika kutsogolo, anthu anaombera m'manja, azakhali nalandira mayamiko ngati khansayo anaiwotcha ndi iwo.

Ine ndinabwerera ku Katete kumene ndimaphunzitsa, mtima uli m'malo.

Koma kuwotcha kuja kunawaumitsa atate malovu, ndipo m'kamwa mouma mano amaola msanga. Dzino lakumapeto la m'munsi linayamba kuwasowetsa mtendere. Iwo anakumbukira mawu a dokotala, nawauza azakhali kuti afunika kupita ku Lusaka.

"Achimwene, dzino lokhali mpaka ku Lusaka?" anatero azakhali. "Anthu adzatiseka. Mano azula anthu pompano kuyambira kalekale, anafa ndani?"

Tsiku la msika anawatengera kwa bambo wina amene amazula mano kuseri kwa magolosale. Ali ndi kampando, chopanira ndi botolo la madzi a mchere, ndiye chipatala chatha pamenepo. Atate anayesa kumuuza kuti anawotchedwapo pakhosi.

"Osawopa amdala," anatero katswiriyo. "Pakhosi ni pakhosi, dzino ni dzino. Manje manje tasiliza."

Sanawanamize, anamalizadi msanga.

Ine ndinamva patapita nthawi, amayi atandiimbira foni kuti bala la atate silikutseka. Nditafika ndinawapempha atate ayasamule, ndipo kamwa linangotseguka pang'ono. M'katimo nkhama zinali zitathawa, fupa lili poyera, lotuwa, likutuluka mafinya ndi fungo loti munthu n'kubweza mutu. Ndinalira pomwepo, ndi mkwiyo komanso ndi mantha.

Azakhali sanasowe choyankha.

"Mwana iwe, usandiyang'ane choncho," anatero. "Ukafufuze bwino, mwina amasuta mobisa."

Kwa iwo kunali kwapafupi kuti mchimwene wawo akhale wabodza kusiyana n'kuti dzino likhale ndi mlandu. Atate anangoweramitsa mutu. Kuyankhula kunali kowawa.

Ulendo wa ku Lusaka umene tinkaopa kusekedwa nawo tinauyenda ndithu, ndipo palibe anaseka. Madokotala anayesa mankhwala, zinakanika, mapeto ake anadula mbali ya nsagwada imene inafa. Khansa ija, anatero, sinabwerere. Nkhani yabwino imeneyi tinabwera nayo pabasi, atate atakulunga nkhope ndi kansalu.

Masiku ano amalimabe mtedza wawo, koma sangautafune. Amayi amawasinjira zonse, kuzisungunula, kuti zizitheka kumwa. Chakudya chikapsa, atate amanyamula kambale kawo n'kulowa m'nyumba, chifukwa akamadya zina zimatsikira pachibwano ndipo safuna tiziwaona. Ulendo wapitawu ndinawatsatira ndi mbale yanga kuti tidyere limodzi. Anandiyang'ana, napukusa mutu, nandikankhira chitseko pang'onopang'ono mpaka chinatseka.