Tsiku Limene Ndinadzutsa Akufa ku Lirangwe

Bukulo linalibe chikuto, ndipo masamba omaliza anali atathothoka. Amalume, omwe ankasesa pabwalo la ndege ku Chileka, analitola pampando mwiniwake atauluka. Linkanunkhira mafuta odzola a anthu olemera. Ndinaliwerenga pa holide ya Fomu 2, ndili mumtengo wa mango kuthawa ntchito.

Linkanena za anthu amene anapita kumalo ena kuphiri kuti akapumule. Pageti ankawalanda mafoni. M'mawa ankawamwetsa madzi obiriwira, kulankhula kunali koletsedwa, ndipo mayi woyang'anira malowo ankangomwetulira. Kenako anthu anayamba kugona masana, osadzukanso. Chizungu china chinkandidutsa, koma mantha okha ankalowa bwinobwino. Ndege ikamadutsa pamwamba ndinkadzidzimuka. Ngati alipo anapulumuka, sindikudziwa mpaka lero.

Pokhala ine, ndinasinja chisoso, n'kumuonetsa mng'ono wanga m'kapu, n'kumuuza kuti wamwa kale mu tiyi ndipo asayerekeze kugona. Analira mpaka madzulo. Zinandikoma, ndisaname.

Sabata yomweyo amayi anati akupita ku Lirangwe ndi azimayi akumpingo, kukapemphera ndi kupumula. "Mafoni akuti tikasiya kwa amayi abusa." M'chikwama mwawo ndinaonamo botolo la ufa wa cham'mwamba, wobiriwira. Ndinabisa nsapato zawo m'thumba la chimanga, koma anakakwera minibasi atavala mapatapata.

Mawa lake ndinatenga njinga ya amalume osapempha. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, fumbi m'mano. Ndinasuzumira pampanda waudzu kuseri kwa tchalitchi. Zii. Azimayi ali lambalamba pamikeka pansi pa mitengo, zitenje kumaso, makapu pambali. Ndinawazindikira mapatapata aja. Ntchentche inatera paphazi la amayi, phazilo osagwedezeka.

Ndinafuna kuitana kuti amayi, mawu anakana. Chimene chinatuluka n'chimene pakamwa panga panazolowera: "Njoka! Njokaaa!"

Abale, akufa anauka! Amayi abusa anadumpha benchi, duku n'kutsalira m'mbuyo. Wina anathawa ndi mkeka womwe. Mpaka pano ndikakumbukira nthiti zimandiwawa, ndipo atandibwezera tsikulo ndikhoza kukuwanso, mwina mokweza kuposa pamenepo.

Amayi anandipeza kumpanda kuja ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinadikira mbama. Sinabwere. Anangokhala pansi pafumbi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira.

"Iwe mwana iwe. Chimwalirireni bambo ako, lero m'pamene ndinapeza tulo tabwino."

Ine ndinaona ngati sakuyamika. Ndinali nditapalasa mtunda wonse uja kudzawapulumutsa, ndipo sizinkalowa m'mutu mwanga kuti munthu angakwere minibasi, n'kupereka yekha foni yake, kuti angokagona kumene ine kulibe.